Nsomba imaonanso, mbuzi siionanso: zimene nyama zatiphunzitsa za mtsempha wa diso

Madokotala a maso akafika pa chipatala cha kumudzi kudzayeza anthu, pamzere pamakhala magulu awiri a anthu osaona. Gulu loyamba ndi la odwala ng'ala. Amenewa amachitidwa opaleshoni yaifupi, ndipo akawamasula bandeji m'mawa mwake ambiri amayambanso kuzindikira nkhope za adzukulu awo. Gulu lachiwiri ndi la anthu amene maso awo amaoneka abwinobwino kunja, koma dokotala akaunika m'kati amapukusa mutu. Amenewa amauzidwa kuti mtsempha wa diso unafa, ndipo palibe mankhwala kapena opaleshoni imene ingabweze kuona kwawo.

Alimi a ziweto nalonso vutoli amakumana nalo. Mbuzi imene dzulo lake inali kudya bwinobwino imayamba kugunda mitengo ndi zipupa za khola. Diso lake lilibe chilonda kapena mafinya, koma siliona, ndipo silidzaonanso.

Chodabwitsa n'chakuti nsomba ndi achule mtsempha womwewu ukaduka umameranso, ndipo pakapita milungu ingapo zimayambanso kuona. Kusiyana kumeneku kwasowetsa tulo akatswiri a sayansi kwa zaka pafupifupi 100. Kafukufuku wawo pa achule, nsomba, abuluzi, makoswe ndi mbewa sanatulutsebe mankhwala obwezeretsa mtsempha wa munthu, koma waulula mmene maselo a m'diso amafera, nthawi imene amatenga kuti afe, ndi zimene zingawapulumutse. Zimenezi n'zofunika kwa mlangizi wa zaumoyo aliyense ndi mlimi aliyense.

Diso, mtsempha ndi ubongo

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, kunayalidwa kansalu kopyapyala kwambiri kamene madokotala amakatcha retina. Kuwala kukalowa m'diso kumagwera pa kansalu kameneka, ndipo maselo ena a pamenepo amakusandutsa uthenga. Koma diso palokha silizindikira chinthu. Ntchito yozindikira ndi ya ubongo, choncho uthengawo uyenera kunyamulidwa kukafika kumeneko.

Amene amanyamula uthengawu ndi maselo a mtundu wina a pa retina, otchedwa retinal ganglion cells. Selo lililonse lili ndi kaulusi kamodzi kakatali. Timaulusi tonse timasonkhana malo amodzi n'kutuluka kumbuyo kwa diso titaphatikana ngati chingwe cha khonje. Chingwe chimenechi ndicho mtsempha wa diso, umene m'Chingerezi amautcha optic nerve. Mtsemphawu sunyamula magazi, umanyamula uthenga wokha. Mwa munthu uli ndi timaulusi toposa 1 miliyoni, ndipo ndi wautali masentimita pafupifupi 5. Pochoka kudiso umadutsa pa kabowo kopanikiza ka m'fupa la chigaza, ndipo kabowo kameneka tikumana nakonso pokamba za ziweto.

Chofunika kudziwa n'chakuti retina ndi mtsempha wa diso ndi mbali ya ubongo weniweniwo imene inatulukira kunja mwana akuumbidwa m'mimba. Mtsempha wa pachala ukaduka umatha kumera pang'onopang'ono, ndipo dzanzi limatha pakapita miyezi. Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana sitero. Munthu amabadwa ndi maselo ake onse a mtundu umenewu, ndipo selo likafa palibe lina lolowa m'malo mwake. Chimodzimodzinso ng'ombe, mbuzi, galu ndi nyama zonse zoyamwitsa.

Katswiri wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1906, anayang'anitsitsa mitsempha yoduka ya nyama pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Iye anaona kuti timaulusi toduka mu ubongo timayesa kuphukira, koma timafota tisanapite patali. Kwa zaka zambiri madokotala anaphunzitsidwa kuti nkhaniyo inathera pomwepo.

Achule ndi nsomba

M'zaka za 1943 ndi 1944, Roger Sperry wa ku America anachita kafukufuku amene amaphunzitsidwa mpaka lero. Iye anadula mtsempha wa diso la achule ndi la tinyama tina ta m'madzi tooneka ngati abuluzi, totchedwa newt. Patapita milungu, nyamazo zinayambanso kuona ndi kugwira tizilombo. Kenaka anachita chinthu china: podula mtsemphawo analizunguliranso disolo kuti kumwamba kukhale kunsi. Mtsempha unamera ndithu, koma chule uja akaona ntchentche m'mwamba ankalumphira pansi, ndipo sanasinthe ngakhale patapita nthawi yaitali. Sperry anazindikira kuti kaulusi kalikonse sikangomera chisawawa. Kamabwerera pa malo ake akale enieni mu ubongo, ngati mbuzi imene imadziwa khola lake madzulo.

Mmodzi mwa achule amene athandiza kwambiri pa kafukufuku ameneyu ndi wa kwathu kuno kummwera kwa Africa. Ndi chule wa thupi lophwatalala, wa zikhadabo zakuda ku miyendo yakumbuyo, amene amakhala m'madzi nthawi zonse. Asayansi amamutcha Xenopus laevis, ndipo ku South Africa amati platanna. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 chuleyu ankagwiritsidwa ntchito poyeza ngati mayi ali ndi pakati, ndipo pa chifukwa chimenechi anatumizidwa ku zipatala za m'maiko ambiri. Chule ameneyu akakula, msana wake ukaduka sulumikizananso, koma mtsempha wa diso umamera. Choncho asayansi amayerekeza mitsempha iwiriyi m'thupi la nyama imodzi pofuna kudziwa chimene chimasiyanitsa.

Nsomba ndizo zimaposa. Mwa nsomba zofiirira zotchedwa goldfish, maselo pafupifupi 90 pa 100 alionse amakhalabe ndi moyo mtsempha ukadulidwa. Mwa kansomba ka mizeremizere ngati mbidzi kotchedwa zebrafish, kochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, timaulusi timayamba kufika ku ubongo pakatha sabata imodzi yokha, ndipo kansombako kamaonanso mwezi usanathe. Mwa achule a mitundu ina, maselo pafupifupi theka amafa, koma otsalawo amakwanira kubweza kuona. Nsomba zilinso ndi mwayi wina: retina yake imatha kupanga maselo atsopano olowa m'malo mwa amene afa.

Masiku asanu a khoswe

Kwa nyama zoyamwitsa nkhani ndi ina. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Albert Aguayo, pa yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal ku Canada, linawerenga maselo a m'maso mwa makoswe tsiku ndi tsiku mtsempha utadulidwa pafupi ndi diso. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1994. Kwa masiku asanu oyambirira pafupifupi maselo onse anali amoyo. Kenaka anayamba kufa mofulumira kwambiri. Pofika tsiku la 7 theka linali litapita, ndipo pofika tsiku la 14 otsala sankakwana 10 pa 100 alionse.

Gulu lomweli linapezanso kuti malo amene mtsempha wadukira ali ndi kanthu. Ukaduka pafupi ndi diso maselo amafa ambiri ndiponso msanga. Ukaduka kutali, cha ku ubongo, amachedwerapo kufa ndipo otsala amakhala ochulukirapo.

Phunziro lalikulu linali pa masiku asanu aja. Selo silifa nthawi yomweyo imene kaulusi kake kaduka. Limakhala kaye, ndipo pa nthawi imeneyo likhoza kupulumutsidwa.

Aguayo ndi anzake anali ataonetsa kale chinthu china chimene chinasintha maganizo a asayansi. Mu 1985 iye ndi Kwok-Fai So anatenga kachidutswa ka mtsempha wa pamwendo wa khoswe, umene umatha kumera, n'kukalumikiza ku retina. Timaulusi tina ta m'diso tinamera n'kulowa m'kachidutswako kwa mtunda wautali. Pofika mu 1989 anali atafikitsa mlatho woterewu ku ubongo wa tinyama totchedwa hamster, ndipo akaunika tochi m'diso ubongo unkalandira uthenga. Maselo amene anachita zimenezi anali ochepa, komabe zinasonyeza kuti mbewu ili ndi moyo, vuto ndi nthaka. M'mtsempha wa diso la nyama yoyamwitsa mumapangika chipsera, ndipo mafuta okuta timaulusi ali ndi zinthu zimene zimaletsa kaulusi katsopano kudutsa.

Kodi n'chiyani chimapha maselowa?

Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti maselowa amadzipha okha. M'selo lililonse la m'thupi muli dongosolo lodzithetsa lokha likaona kuti lawonongeka kapena lilibenso ntchito, monga mmene mtengo umayoyolera masamba m'chilimwe. Asayansi amatcha dongosolo limeneli apoptosis. Nthawi zambiri ndi lothandiza, chifukwa limachotsa maselo amene akanasanduka khansa. Koma m'diso limachotsa maselo amene sangabwerenso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimayambitsa imfayi. Choyamba, selo limalandira chakudya chapadera kuchokera ku ubongo kudzera m'kaulusi kake, ndipo kaulusi kakaduka chakudyacho chimaleka kubwera. Asayansi atabaya m'maso mwa makoswe chimodzi mwa zakudya zimenezi, chotchedwa BDNF, maselo anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo, koma m'kupita kwa milungu anafabe. Chachiwiri, pa malo ovulalawo pamachoka uthenga wa tsoka umene umayenda m'kaulusi kubwerera ku selo. Mu 2013 magulu awiri a ku America, lina la pa yunivesite ya Johns Hopkins, anapeza kuti wonyamula uthengawu wamkulu ndi puloteni yotchedwa DLK. Ataitsekereza mwa mbewa, maselo ambiri anapulumuka. Koma panali chovuta: uthenga womwewo ndi umenenso umauza selo kuti liyambe kumeretsa kaulusi katsopano. Ukautseka, selo limakhala ndi moyo koma silimera.

Chenjezo lina linachokera ku Jackson Laboratory ku America mu 2005. Kumeneko kuli mtundu wa mbewa zimene zikamakalamba zimadwala glaucoma, matenda amene amapha mtsempha wa diso mwa anthu. Akatswiri anachotsa mwa mbewazi malangizo a chibadwa, amene asayansi amawatcha gene, opangira puloteni yotchedwa BAX, yomwe ndi imene imamaliza ntchito yopha selo. Maselo a pa retina sanafe, koma timaulusi tawo tinafotabe. Selo lamoyo lopanda kaulusi lili ngati lamya imene waya wake anadula: ilipo, koma siyankhula ndi aliyense.

Si maselo onse amafa mofanana

Kwa nthawi yaitali maselo onyamula uthengawa ankawerengedwa ngati gulu limodzi. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard, motsogozedwa ndi Joshua Sanes ndi Zhigang He, anayeza maselo a mbewa limodzilimodzi ndipo anapeza mitundu 46. Ina imazindikira chinthu choyenda, ina m'mphepete mwa chinthu, ina kuchuluka kwa kuwala. Atafinya mtsempha wa diso n'kudikira masabata awiri, maselo pafupifupi 80 pa 100 alionse anafa. Koma imfayo sinagwe mofanana. M'mitundu ina munatsala selo limodzi lokha pa 100 alionse, pamene m'mitundu ina munatsala 98.

Ena mwa olimba kwambiri ndi maselo amene amamva kuwala paokha, omwe anadziwika bwino mu 2002. Ntchito yawo si kuona zithunzi. Amauza thupi kuti kwacha kapena kwada, ndipo amachepetsa mwana wa diso kukawala kwambiri. N'chifukwa chake anthu ena osaona amagonabe ndi kudzuka motsatira dzuwa.

Akatswiriwo anayerekeza mitundu yolimba ndi yofooka kuti aone malangizo a chibadwa amene akugwira ntchito mwa olimbawo. Atatenga ena mwa malangizowo n'kuwaika mwa maselo ofooka, ena mwa ofookawo anapulumuka. Mlimi sangadabwe ndi njira imeneyi. Chilala chikadutsa, amasunga mbewu kuchokera ku mapesi amene anapirira.

Kupulumuka pakokha sikukwanira

Kuti nyama ionenso pamafunika zinthu zitatu motsatizana. Selo likhale ndi moyo. Limeretse kaulusi mpaka ku ubongo. Kaulusiko kapeze malo ake enieni. Nsomba imachita zonse zitatu. Asayansi akuyesa kuphunzitsa mbewa chimodzichimodzi.

Mu 2000 gulu la Larry Benowitz ku Boston ndi gulu lina ku Germany anapeza kuti kagalasi ka m'diso la khoswe kakakandika, maselo ochuluka amapulumuka ndipo timaulusi timayamba kumera. Chifukwa chake n'chakuti kutupa kumaitana asilikali a m'thupi, ndipo asilikaliwo amatulutsa zinthu zodzutsa maselo. Mu 2008 gulu la Zhigang He linachotsa mwa mbewa gene yotchedwa PTEN, imene imagwira ntchito ngati buleki yoletsa selo kukula. Maselo opulumuka anachuluka kuwirikiza kawiri, ndipo timaulusi tinadutsa pa chipsera. Komatu buleki yomweyi ndi imene imateteza thupi ku khansa, choncho singachotsedwe mwachisawawa mwa munthu. Mu 2020 gulu la David Sinclair ku Harvard linalowetsa ma gene atatu m'maso mwa mbewa, amene anabweza maselo okalamba kuti azichita ngati aang'ono. Maselo ambiri anapulumuka, timaulusi tinamera, ndipo mbewa zodwala glaucoma zinayamba kuonako bwino.

Chinthu chachitatu, chopeza malo enieni, ndicho chovuta koposa, ndipo apa mphunzitsi ndi buluzi. Ku Perth, kumadzulo kwa Australia, Lyn Beazley ndi Sarah Dunlop anafufuza buluzi wa m'matanthwe wotchedwa ornate dragon. Mtsempha wake ukaduka umamera mpaka ku ubongo, koma timaulusi timafika mosokonekera ndipo disolo limakhalabe losaona. Mu 2003 iwo analengeza kuti abuluzi amene ankaphunzitsidwa kusaka chakudya pogwiritsa ntchito diso lovulalalo anayamba kuona nalo, pamene osaphunzitsidwa sanaone. Mu 2016 gulu la Andrew Huberman la pa yunivesite ya Stanford linapeza zofanana mwa mbewa: zitapatsidwa chithandizo chokulitsa maselo n'kumaonetsedwanso mizere yakuda ndi yoyera tsiku lililonse, timaulusi tina tinafika ku ubongo, ndipo mbewazo zinkathawa chithunzithunzi chobwera kuchokera kumwamba. Kuona kwake kunali kochepa kwambiri, kosakwanira kusiyanitsa zinthu zing'onozing'ono.

Kuchoka pa mbewa kufika pa munthu

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsempha wa mbewa sufika ngakhale sentimita imodzi, pamene wa munthu ndi masentimita 5, ndipo kuchoka pamenepo ulendo umapitirirabe m'kati mwa ubongo. Mbewa ya mu labotale imalandira chithandizo tsiku lomwelo lovulala, nthawi zinanso isanavulale. Munthu amafika ku chipatala patapita masiku, miyezi kapena zaka.

N'chifukwa chake zambiri zimene zinayenda bwino pa nyama zalephera pa anthu. Mankhwala otchedwa memantine anaoneka kuti akuteteza maselo a m'maso mwa anyani. Atayesedwa kwa zaka zinayi pa odwala glaucoma pafupifupi 2,300, sanathandize. Kwa anthu ovulala mtsempha pa ngozi, madokotala ankapereka mankhwala a steroid ochuluka kapena kuchita opaleshoni yokulitsa kabowo ka m'fupa kaja. Kafukufuku wa odwala 133 amene anafalitsidwa mu 1999 sanapeze phindu looneka pa njira ziwirizi. Mu 2004 kafukufuku wina wa anthu 10,000 ovulala m'mutu anapeza kuti steroid wochuluka ankawonjezera imfa.

Chimene chikuyesedwa kwambiri tsopano ndi nicotinamide, mtundu wa vitamini B3. Mu 2017 akatswiri a ku Jackson Laboratory anaiika m'madzi akumwa a mbewa za glaucoma zija, ndipo pa mlingo waukulu maso 93 pa 100 alionse sanawonongeke. Kafukufuku waung'ono wa anthu 57 ku Melbourne mu 2020 anasonyeza kuti retina inkagwirako ntchito bwino. Koma mlingo umene anagwiritsa ntchito, wofika magalamu 3 pa tsiku, ndi woposa kuwirikiza ka 100 umene thupi limafuna m'chakudya, ndipo ukhoza kuwononga chiwindi. Munthu asagule mapiritsi amenewa payekha, ndipo asasiye mankhwala ake a glaucoma chifukwa cha iwo.

Mu May 2023 madokotala a ku chipatala cha NYU Langone ku New York anaika diso lathunthu la munthu wina pa bambo amene anapsa ndi magetsi. Patatha chaka, disolo linali lamoyo, magazi ankayenda, ndipo maselo olandira kuwala ankagwira ntchito. Koma bamboyo sankaona nalo, chifukwa mtsempha sunalumikizane ndi ubongo. Choncho aliyense wolonjeza kuti ali ndi mankhwala, jakisoni kapena zitsamba zoutsa mtsempha wa diso wakufa akungofuna ndalama zanu.

Glaucoma, mbala ya maso mu Africa

Kuno kwathu chimene chimapha maselowa kwambiri ndi glaucoma. M'diso mumapangika madzi amene amatuluka kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Timabowoto tikayamba kutsekeka, madziwo amapanikiza diso m'kati, ndipo timaulusi timafinyika pa malo amene timatulukira. Kafukufuku wa pa anyani ndi makoswe anasonyeza kuti kufinyikako kumatseka njira ya chakudya chija, ndipo maselo amafa imfa yofanana ndi ya khoswe wodulidwa mtsempha. Kusiyana kwake n'kwakuti amafa ochepaochepa kwa zaka zambiri.

Akatswiri anawerengera mu 2014 kuti anthu a zaka 40 mpaka 80 odwala glaucoma adzafika 76 miliyoni mu 2020 ndi pafupifupi 112 miliyoni mu 2040, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse. Kwa anthu akuda matendawa amayamba msanga ndipo amathamanga. Kalembera wa maso wa dziko lonse la Nigeria anapeza kuti anthu 5 pa 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo anali nawo. Mwa odwalawo, osakwana 6 pa 100 alionse ndi amene ankadziwa, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali kale wosaona. Kafukufuku wa ku Kongwa m'dziko la Tanzania ndi wa ku Hlabisa ku South Africa anapeza anthu oposa 4 pa 100 alionse.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Glaucoma nthawi zambiri sipweteka ndipo diso silifiira. Imayamba kudya kuona kwa m'mbali, ndipo diso linalo limabisa vutolo. Maselo okwana limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposerapo, akhoza kufa makina a ku chipatala asanayambe kuonetsa kuti kuona kwachepa.

Njira yokhayo yotsimikizika yopulumutsira maselo otsala ndi kutsitsa mphamvu ya madzi a m'diso, pogwiritsa ntchito mankhwala odontheza tsiku lililonse, kuwala kwa laser kapena opaleshoni. Pa chipatala cha KCMC ku Moshi, Tanzania, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021 anapeza kuti patatha chaka laser inathandiza maso 61 pa 100 alionse, pamene mankhwala odontheza a timolol anathandiza 31. Zimenezi n'zolimbikitsa kwa anthu a kumudzi amene sangakwanitse kugula botolo mwezi uliwonse.

Palinso zina zowononga mtsemphawu. Mowa wosakanizidwa ndi methanol umatha kuchititsa khungu m'masiku awiri okha. Kusowa kwa mavitamini a gulu la B kunadwalitsa mitsempha ya anthu oposa 50,000 ku Cuba m'zaka za 1992 ndi 1993, pa nthawi ya kusowa kwa chakudya, ndipo mliriwo unatha boma litagawa mavitamini. Mankhwala a TB otchedwa ethambutol amavulaza mtsemphawu mwa odwala ochepa. Kumenyetsa mphumi kapena chikope pa ngozi ya njinga kukhoza kuufinya m'kabowo kaja.

M'khola la ziweto

Mankhwala ena opha nyongolotsi za m'mimba ndi za m'chiwindi, makamaka closantel ndi rafoxanide, ndi othandiza pa mlingo woyenera. Akapitirira mlingo amatupitsa mtsempha wa diso, ndipo poti kabowo ka m'fupa sikafutukuka, mtsemphawo umafinyika n'kufa. Madokotala a ziweto ku South Africa ndi maiko ena alemba za nkhosa ndi mbuzi zimene zinachita khungu motere. Chiwetocho chimayamba kugunda zinthu patangopita masiku ochepa chimwereni mankhwala, ndipo mwana wa diso amakhala wotambasuka ngakhale padzuwa. Kawirikawiri zimagwera ana a mbuzi ndi a nkhosa, pamene mlimi wamwetsa khola lonse mlingo wa tonde.

Kusowa kwa vitamini A nakonso n'koopsa kwa ana a ng'ombe. Vitamini ameneyu amachokera ku msipu wobiriwira, ndipo chiwindi chimamusunga kwa miyezi ingapo. Chilala chikatalika, ng'ombe yaikulu imayamba kusaona usiku, koma imachira ikapatsidwa vitaminiyo. Kwa thole limene likukula, fupa la chigaza limakula molakwika, kabowo kaja kamachepa, ndipo mtsempha umafa osabwereranso.

Zoyenera kuchita

Aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo akayezetse maso ngakhale akuona bwino, ndipo apemphe kuti amuyeze mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuunika mtsempha. Ngati m'banja muli wodwala glaucoma, abale ake a bere limodzi ndi ana ake akuluakulu akayezetse msanga, chifukwa matendawa amayenda m'magazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ku Malawi thandizo limapezeka pa zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba, Mzuzu ndi Nkhoma. Kummawa kwa Zambia kuli chipatala cha Mwami pafupi ndi Chipata, ndipo ku Harare kuli chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi. Zipatala za m'maboma zimatumiza odwala ku malo amenewa.

Alangizi a zaumoyo afotokozere odwala kuti mankhwala a glaucoma sabweza kuona kumene kunatayika. Ntchito yake ndi kusunga kumene kwatsala. Odwala ambiri amasiya kudontheza chifukwa saona kusintha, pamene kusasintha kumeneko ndiko kupambana kwa mankhwalawo. Anthu asagule mankhwala a m'maso pamsika, chifukwa ena ali ndi steroid amene amakweza mphamvu ya madzi a m'diso. Wodwala TB akayamba kuona mwachimbuuzi kapena kusokoneza zofiira ndi zobiriwira apite ku chipatala tsiku lomwelo. Wovulala m'mutu amene diso limodzi lachita mdima, ndi womwa mowa amene wayamba kusaona, asadikire kuti kuche kawiri.

Alimi ayeze kulemera kwa chiweto chilichonse asanamwetse mankhwala a nyongolotsi, apatule ana ndi zazikulu, awerenge mlingo pa botolo kapena afunse mlangizi wa ziweto, ndipo asabwereze mankhwala nthawi isanakwane. M'chilimwe chotalika, ng'ombe za bere ndi matole zipatsidwe masamba obiriwira kapena vitamini A kudzera kwa mlangizi.

Tsiku lina asayansi akhoza kuphunzitsa diso la munthu zimene nsomba imadziwa kale. Pakali pano fodya wako ndi amene ali pamphuno: maselo amene munthu kapena chiweto chili nawo lero ndi okhawo, ndipo owateteza ndi ife amene tili nawo pafupi.